Bambo aang'ono akupuma pantchito

Dzulo ndinakhala pakhonde ndi bambo anga aang'ono kusanthula mapepala awo a inshuwalansi, poti akupuma pantchito mwezi wamawa. Envelopu ya khaki yong'ambika m'mbali, malisiti ena ofufutika kale.

Chinawadzidzimutsa ndi ichi: inshuwalansi ya moyo ija bwana amakakamizidwa ndi lamulo la penshoni kulipirira antchito ake imatha tsiku lomwe atsanzika ku ofesi. Ya chipatala nayonso theka ankalipira ndi kampani. Tsopano zonse zichokera m'thumba mwawo.

Ine ndinati ya chipatala musaisiye, bambo, ngakhale mutsikire ku sikimu yotchipa. BP ndi shuga sizidziwa kuti munthu wapuma, ndipo mankhwala ake ndi a mwezi ndi mwezi. Ya moyo, ana onse anakula, mukutetezanso ndani? Corolla yokalambayo ingoikirani third party, apolisi a pamsewu asakuvuteni.

Pa ya maliro mpomwe tinatsutsana. Iwo akuti abale adzasonkha monga mwa nthawi zonse. Ndinangowayang'ana, poti wosonkhayo ndine ndemwe, bokosi ndi galimoto yopita ku Ntcheu.

Anaseka, n'kuitanitsa tiyi wina.