Tsiku lomwe misomali idakwera mtengo

M'chaka cha 1996 amalume anga, omwe ankagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, adandipatsa ntchito yolemba kalata ya mitengo yopikisanira tenda. Ine ndinkadziyesa katswiri poti ndinkadziŵa WordPerfect 5.1, ya pa DOS ija. Ndidandandalika bwinobwino: malata apa, simenti apa, misomali apa, chilichonse ndi mtengo wake. Kenaka ndidaika zonse pa kadisiki, ulendo kwa wosindikiza wina yemwe ankagwiritsa ntchito Macintosh.

Disiki idatseguka ndithu, popeza Macintosh ya nthaŵi imeneyo inkatha kuŵerenga madisiki a DOS. Koma zomwe zidatuluka papepala, abale inu! Mtundu wa zilembo womwe ndidasankha udalibe m'makina ajawo, ndiye adangoikapo zina zonenepa. Mizere yomwe ndidaiwongola pongodinadina mipata idaphwasuka, mtengo wa malata n'kutsetserekera pa misomali. Chilembo chathu chija, ŵ, chidasanduka kabokosi, mwakuti dzina la dziko lathu lidabooka pakati.

Ine pothamangira nthaŵi sindidayang'ane n'komwe. Amalume ndiwo adavala magalasi asanasaine.

"Mphwanga," adatero, "kodi misomali imeneyi ndi yagolide?"

Tenda inkatsekedwa masana omwewo. Tidafukula taipilaita yakale pansi pa kauntala, ine n'kuyambanso kulemba, thukuta kamukamu. Kachipewa ka pa w amalume adakaika okha ndi bolopeni. Kalata idafika patatsala mphindi zoŵerengeka, koma ulemu wanga udatsala m'sitolo momwemo.

Chomwe chimandiŵaŵa n'chakuti mankhwala adalipo kale. Kampani ya Adobe idatulutsa PDF mu 1993, njira yomwe imasunga tsamba monga momwe mwini adalikonzera, ndipo imatha kunyamula zilembo zake zomwe. Mu 2008 bungwe la ISO lidaivomereza kukhala muyeso wa dziko lonse. Nayo Unicode idapatsa ŵ nambala yakeyake, ndipo chilembochi timagaŵana ndi anzathu a ku Wales.

Lero ndikamatumiza mitengo ndimatumiza PDF, koma ndimayamba ndaitsegula pa foni ya mnzanga kuti ndione ndi maso anga. Achinyamata a muofesi amandiseka, ati adala aŵa sakhulupirira makina. Ndimangoŵayankha kuti safunsa adadya phula, ndipo langa ndidadya kale ku Limbe.