Pepala lili m'manja, nanga mgodi uli kuti?

Pali nkhani imene imabwera-bwera pa mafoni athu, maka-maka kwa ise amene tayamba kutsatira za mashea a ku America. Amati anthu wamba akagwirizana kucotsa mashea awo kwa mabroka na kuwalembetsa m'maina awo, akulu-akulu amene amabecha kuti mtengo ugwe amasoŵa pogwira. Imakoma kumva, cifukwa tonse tinakulira nthano za kalulu wopusitsa njovu. Koma tisanaombe m'manja, tiyeni tiione bwino.

Kushota kuli ngati kubwereka thumba la unga kwa neba na kuligulitsa pa K300. Mtengo ukatsika kufika pa K200, tigula lina, tibweza kwa neba, K100 yatsala m'poketi. Zonse zimadalira kuti pakhale wobwereketsa. Ku America mashea ambiri salembedwa m'dzina la mwiniwake. Amakhala m'dzina la Cede & Co., imene imaimira Depository Trust Company ku New York, ndipo broka amangolemba m'buku lake kuti uje ali na mashea akuti. Ngati tagula na nkhongole ya broka, iye angabwereketse mashea athu kwa munthu amene afuna kuti mtengo wake ugwe. Apa m'pamene panacokera nzeru yotenga satifiketi: unga ukakhala m'nyumba mwathu, palibe angaubwereketse.

Nzeru iyi si yabodza. Koma mvelani za CMKM Diamonds, kampani ya ku Las Vegas imene inali kukamba kuti ili na malo a dayamondi ku Saskatchewan, m'dziko la Canada. Shea imodzi siinali kufika olo senti imodzi, cakuti munthu wa malipiro ocepa anali kukhala na mashea mamiliyoni. Kampaniyo inali kudzilengeza ngakhale pa motoka ya mpikisano. Mtengo utakana kukwera, ogula anakhulupirira kuti oshota ndiwo akuupondereza pogulitsa mashea amene sanabwereke n'komwe. Mu 2005 bungwe la SEC, limene limayang'anira misika ya mashea ku America, linafafaniza kampaniyo m'kaundula wake. Pambuyo pake ogula ambiri anaitanitsa masatifiketi awo, poganiza kuti akaŵerengedwa oshota adzagwidwa.

Mu 2008 SEC inapita ku khoti na nkhani ina. Inati anthu a mkati mwa kampaniyo na anzawo ndiwo anatulutsa mashea opitirira 600 biliyoni na kuwathira pa msika, ndipo ogula pafupi-fupi 40,000 anataya ndalama zoposa madola 64 miliyoni. Anthu anali kulondera pa geti, pamene unga unali kutulukira ku khomo la kumbuyo. Masatifiketi anafika, koma mgodi wotulutsa dayamondi kunalibe. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena adzati, nanga GameStop? N'zoona, iyo ni kampani yeni-yeni ya mashopu a magemu. Miyezi yambiri mu 2020 shea yake inali pansi pa madola 5, koma pa 28 January 2021 inakhudza madola 483, ndipo oshota ena anapsa kwambiri. Pambuyo pake otsatira ake anayamba kulembetsa mashea m'maina awo ku Computershare, kampani yosunga kaundula wa eni mashea. Pofika mu 2023 anali atalembetsa pafupi-fupi 75 miliyoni, kota ya mashea onse. Kugwirizana kumeneko n'kwaulemu. Koma mashea otsalawo anali kubwerekedwabe, ndipo mu June 2024 kampani yokha inagulitsa mashea atsopano 75 miliyoni m'masiku ocepa cabe. Zimene anthu anasonkhanitsa m'zaka ziŵiri, kampani inazibweza pa msika na siginecha imodzi.

Ndiye cimene tiphunzirapo ise n'cakuti kulembetsa shea m'dzina lathu kumateteza shea yathuyo, osati mtengo wake. Kumabweranso na mavuto ake: pamakhala zolipira, ndipo kugulitsa kumacedwa tsiku limene tifuna kuthaŵa mwamsanga.

Ndalama zimene wacinyamata amaika m'mashea otsika mtengo nthawi zambiri ni za renti, za sukulu, kapena za cilimba. Conco wina akatiuza kuti gulani, gwirani, adani ni oshota, tiyeni timufunse mafunso atatu. Kampaniyi imagulitsa ciani? Maakaunti ake anaunikidwa na ndani, ndipo ali kuti? Mashea ake analipo angati caka catha, nanga lelo alipo angati? Akayankha zakuti tilibe cikhulupiriro, ndalama yathu ikhale kaye m'poketi.