Besi ya Kool ndi babatoni wa kwa agogo

Gumbagumba ya amalume inafika kwathu ku Lirangwe mu 1981, itakulungidwa m'bulangete lofiira la ku Joni. Iwo anali atamaliza kontirakiti yawo ya kumigodi ya Theba, ndipo tinakawachingamira ku bwalo la ndege la Chileka. Ine ndinali ndi zaka 14. Magetsi kunalibe, choncho chilombocho chinkadya batire ya galimoto, ndipo ntchito yokatchajitsa ku Lunzu inagwera ine. Ndinkaimangirira pakaliyala ndi malegeni, n'kupalasa mosamala kuti asidi asandiboolere kabudula. Sindinadandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe, chifukwa wopita ndi batire ndiye ankaloledwa kusankha mbale yoyamba madzulo.

Mbale zambiri zinali za Soul Brothers ndi Mahotella Queens, zomwe akuluakulu ankazidziwa kale. Koma panali imodzi ya anyamata a ku America otchedwa Kool & the Gang, ndipo nyimbo yoyamba pambalepo inali Celebration. Singano itangotera, chinthu choyamba kundigwira sichinali mawu. Chingerezi changa cha Sitandade 7 sichikanatha kuwatola. Chinandigwira ndi besi, yomwe inkachita ngati ikutuluka pansi pa nthaka n'kukwera m'miyendo. Ng'oma inkamenya mwamphamvu pa kugunda koyamba, gitala n'kumangokanda pang'onopang'ono ngati nkhuku pa dzala, malipenga n'kulasa kamodzi, kawiri, kenaka zii. Nyimboyo sinkapita kutali. Inkazungulira pamalo amodzi ngati gule wa pabwalo, ndipo mphamvu yake inali m'kuzungulirako. Amalume anati dzina lake ndi funk.

Muyenera kukumbukira mmene dziko linalili. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo kanema kunalibe mpaka 1999. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo mnyamata wosunga tsitsi lalitali ankadziitanira lumo. Anzathu a ku Zambia anali ataona James Brown ndi maso awo mu 1970, ndipo magulu awo, monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ankalira magitala mopanda mantha. Ife tinkawatola usiku, mphepo ikalola, tikupotokola kachitsulo ka wailesi. Ndiye kwa mnyamata wa ku Lirangwe, mbale ija inali zenera. Anthu ankabwera kuchokera kusiteshoni ya sitima ndi kumidzi ya kuseri, n'kuvina pakhonde mpaka batire itayamba kukoka mawu ngati munthu wodwala malungo.

Pa tchuthi tinkapita kwa agogo ku Chileka, kufupi ndi mudzi wa Singano. Kumeneko nyimbo sinkadikira batire. Pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi kagulu ka anyamata okhala ndi banjo ya chitini cha mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga, ng'oma ya chikopa cha mbuzi, ndi babatoni, chibokosi chija cha chingwe chimodzi chimene chimalira m'mimba. Onsewo ankayang'ana kwa a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald, ana a ku Singano komweko, komanso kwa a Robert Fumulani ndi gulu lawo la Likhubula River. A Daniel ndinawaonako kawiri. Munthu mmodzi, gitala imodzi, koma chala chachikulu chinkayenda njira yakeyake pa nsambo zazikulu pamene zala zina zikuimba kumwamba, ndipo ukatsinzina unkalumbira kuti oimba alipo atatu.

Ndinaona zonsezi, koma mtima wanga unali pa mbale ya amalume. Ndinkati za ku Singano ndi zakumudzi, za anthu osowa zida zenizeni. Tsiku lina ndinanena zimenezi mokweza, amalume akumva. Sanandikalipire. Anaika Kool & the Gang, n'kutsitsa mawu aang'ono onse mpaka kutsala kugunda kwa pansi kokha.

"Mphwanga, tamvera bwino," anatero. "Uyu akumenya chiyani? Si babatoni ameneyu? Wangovala suti basi."

Ndinayankha kuti, "Ayi amalume, zimenezo n'zosiyana." Zinanditengera zaka zambiri kuti ndivomere kuti iwo anamva chimene ine ndinachiphonya.

Mbiri ya gululo ndinaidziwa nditakula. Eni ake anali anthu awiri apachibale, Robert Bell, yemwe ndiye Kool ndipo amamenya besi, ndi mng'ono wake Ronald wa lipenga la saxophone. Anabadwira ku Youngstown m'chigawo cha Ohio, m'banja losauka, ndipo ng'oma zawo zoyamba zinali zitini za penti zakutha. Atasamukira ku Jersey City anasonkhana ndi anzawo a kusukulu mu 1964 n'kudzitcha Jazziacs, chifukwa ankaimba jazi. Dzina la Kool & the Gang linabwera mu 1969. Mu 1973 anatulutsa Jungle Boogie ndi Hollywood Swinging, nyimbo zaukali, zamalipenga, zopanda woimba wotsogolera weniweni. Disiko itawaphimba anatsala pang'ono kuiwalika, mpaka mu 1979 pamene anatenga James "J.T." Taylor kuti aziimba kutsogolo, ndi Eumir Deodato wa ku Brazil kuti aziwakonzera nyimbo. Celebration imene ine ndinkaiyesa chiyambi cha zonse inali moyo wawo wachiwiri, wosalala, wofewa kusiyana ndi woyamba uja.

Zitini za penti! Nditawerenga zimenezo ndinakhala chete nthawi yaitali. Nawonso a Kachamba anali awiri apachibale. Ali ana anakhalako ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kumene bambo awo ankagwira ntchito, ndipo n'kumeneko anatola kwela wa ku South Africa ndi kachitoliro kake kachitsulo. Atabwera nazo kumudzi anazisandutsa sinjonjo ndi simanjemanje wa Chichewa. Mu 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mumsewu ku Blantyre, ndipo mu 1974 buku lonena za gulu lawo linasindikizidwa. A Daniel anamwalira mu 1987. A Donald anazungulira maiko ambiri, n'kukaphunzitsa ku yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, asanamwalire mu 2001. Ndiye kuti nthawi imene ine ndinkapalasa njinga kukasaka America m'batire, ophunzira a kunja ankawerenga za anthu a kuseri kwa nyumba ya agogo anga. Zimenezi zimandipwetekabe.

Gumbagumba inafa mwakachetechete. Singano zinasowa m'masitolo, makaseti n'kulowa, tikuwabweza ndi bolopeni kuti tisamalize mabatire. Ndale zitasintha mu 1994, pakamwa pa oimba panatseguka, ndipo makaseti a kwa O.G. Issa ku Limbe anadzaza misika yonse. Koma pamodzi ndi ufuluwo panabwera kiyibodi, imene inkatha kulira ng'oma, besi ndi malipenga munthu atangodina batani. Kenaka kompyuta inameza ndi kiyibodi yomwe. Sindikunyoza ana a lero. Ena mwa iwo ali ndi khutu lakuthwa kuposa lathu, ndipo nyimbo imene kale inkafuna ulendo wa ku situdiyo ya MBC lero ikujambulidwa m'kachipinda ka lendi pa Lunzu. Chimene ndikulira ndi china. Funk, ngati kwela, inkafuna kuti anthu asanu kapena asanu ndi awiri amverane mpweya. Wa besi akachedwa pang'ono, wa ng'oma ankamudikira, ndipo kukoma kunali m'kudikiranako. Makina sadikira munthu.

Chileka yokha ndiyo inakana kugonja msanga. Woimba Evison Matafale atatulutsa chimbale cha Kuimba 1, n'kumwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, abale ake a kwa Fumulani, Musamude, Anjiru ndi Chizondi, ananyamula gulu lake la Black Missionaries n'kupitiriza. Ndi rege, inde, osati funk, koma ukaima pafupi ndi sipika pa chikumbutso cha Matafale chimene amachita kwawo chaka ndi chaka, besi imakugwira malo omwe aja, ndipo pa nsanja pamakhala manja a anthu, ana a nyumba imodzi. Ku Singano komweko a Moya Malamusi, amene ankaimba ndi a Donald, anasonkhanitsa zida zakale ndi nyimbo zojambulidwa kuti zisatayike. Koma tiana topanga banjo ya chitini sindikutionanso m'njira za kwa agogo.

Mwezi watha ndinali pamsika wa Lirangwe ndi mdzukulu wanga wa zaka 14. Tinaima pa kabenchi ka mnyamata wobena nyimbo m'mamemori khadi. Ndinamufunsa ngati ali ndi Kool & the Gang. Dzinalo sankalidziwa, koma analipeza pa intaneti nthawi yomweyo, ndipo anandiuza kuti mwa amene anayambitsa gululo watsala ndi Kool yekha. Ronald anapita mu 2020. Nditafunsa za Daniel Kachamba anakanda m'mutu. "Madala, ameneyo ndi wa dziko liti?" Ndinamulozera kumwera, kumene ndege inali kutsikira.

Titafika kunyumba mdzukuluyo anafuna kulowetsa timawaya take m'makutu kuti amvere yekha. Ndinamupempha kuti aike foniyo m'beseni lachitsulo kuti mawu akule, timvere tonse. Jungle Boogie itayamba anagwedeza mutu, kenaka phazi.

"Agogo, chikulira pansicho n'chiyani?"

Ndinamutuma kuti akatenge chigubu chakale kuseri kwa khola, ndodo ya nsungwi, ndi chingwe cha pa mtondo chimene amayi ake amayanikapo zovala.