Kufufuza Gwero la Phokoso m'Galimoto Yakale

Ntchito yokonza galimoto imafuna khutu lakuthwa ndi mtima wodekha kuposa mphamvu za manja. Galimoto ikayamba kulira mwachilendo, kawirikawiri malo amene phokoso likumvekera si kumene kuli vuto, pakuti chitsulo chimanyamula phokoso kuchokera mbali ina n'kukalitula mbali inanso. Zimene zidachitikira mkulu wina wa ku England ndi mdzukulu wake zikutsimikiza mfundo imeneyi.

Mkuluyo ankakhala pafupi ndi tawuni ya Abingdon, kumwera kwa mzinda wa Oxford. Ku Abingdon n'kumene ankapangira galimoto zamasewero zotchedwa MGB kuyambira mu 1962 mpaka mu 1980, chaka chimene fakitale yake idatsekedwa. Galimoto zimenezi adazipanga zoposa 500,000, ndipo zambiri zidali ndi mipando iwiri, denga lopinda ndi injini ya masilinda anayi ya 1798cc. Pa unyamata wake mkuluyo adagwirapo ntchito m'fakitaleyo, ndipo MGB ya mu 1972 imene adagula pambuyo pake ankaisamala ngati mwana. Atakalamba, maondo adayamba kumuvuta, choncho amene ankaiyendetsa adali mdzukulu wake.

Tsiku lina galimotoyo idayamba kugwedera kuti gwedegwede pansi pa ndodo yosinthira magiya. Ponyamuka, ngakhalenso woyendetsa akachotsa phazi pa moto, pansi pankamveka kugunda kuti gu! Mnyamatayo adapita nayo ku galaja ina kumene adamuuza kuti giyabokosi yatha. Pa MGB, giyabokosi amaitulutsa pamodzi ndi injini, motero mtengo umene adamutchulira udaposa ndalama zapenshoni zimene agogo ake ankalandira pa miyezi ingapo. Iye adabwerera kunyumba ali khuma, nati, “Agogo, ndalama zotere sitingazipeze. Mwina ndi bwino tingoigulitsa.”

“Usafulumire, mdzukulu wanga,” agogowo adayankha. “Kodi akugalajawo adalowa pansi pa galimoto, kapena adangomva ndi makutu ali chilili? Tiye tiyambe taimvetsera tokha.”

Kuti munthu amvetse zimene awiriwa adachita, ayenera kudziwa njira imene mphamvu ya injini imadzera. Injini ya MGB ili kutsogolo, koma matayala amene amakankha galimoto ndi akumbuyo. Mphamvu imachoka mu injini n'kudutsa pa kilachi kulowa m'giyabokosi. Kuchokera apo imayenda mu shafiti yaitali yodzera pansi pa galimoto mpaka ku difu, chipangizo chimene chimaigawira matayala awiri akumbuyo. Popeza matayalawo amakwera ndi kutsika m'mabampu, shafitiyo ili ndi mfundo ziwiri zooneka ngati mtanda, ina kutsogolo ina kumbuyo, zimene amakaniko amazitcha universal joint. Mfundozi zimalola shafiti kupindika uku ikuzungulira.

Choyamba, agogowo adafuna kudziwa nthawi imene phokoso limamveka. Adalizitsa injini galimoto ili chiimire, koma phokoso silidamveke. Kenaka adapita pamsewu wotsetsereka, nauza mnyamatayo kuti aponde kilachi. Injini idatsika liwiro koma kugwederako kudapitirira, ndipo kunkachepa pokhapokha galimoto ikachepetsa liwiro. Kusintha magiya sikudasinthe kanthu. Apa adazindikira kuti injini ilibe mlandu, ndipo kuti vuto lili pa zitsulo zimene zimazungulira limodzi ndi matayala.

Chachiwiri, adayamba ndi zinthu zosavuta kuziona ndi zosadya ndalama. Adagwedeza paipi ya utsi kuti aone ngati ikugunda thupi la galimoto, koma mphira zoikolowekera zidali zolimba. Adakhuthula oyilo wa m'giyabokosi m'beseni loyera. Giyabokosi imene mano ake akudyeka imatulutsa oyilo wokhala ndi tizidutswa tachitsulo, koma oyiloyu adalibe kanthu. Adayesanso matayala. MGB yawo idali ya matayala amasipoko, amene amalowa pa tsinde la mano ang'onoang'ono n'kumangidwa ndi nati imodzi yaikulu pakati. Manowo akatha, tayala limagunda ponyamuka. Mnyamatayo adakoka handibuleki n'kukankha tayala lililonse lakumbuyo kutsogolo ndi m'mbuyo, koma onse adali nganganga.

Chachitatu, adakweza galimoto ndi jeke n'kuikhazika pa zitsulo zochirikizira, chifukwa kulowa pansi pa galimoto yotsamira jeke yekha n'kuika moyo pachiswe. Mnyamatayo adalowa pansi ndi tochi, agogo ake akumulangiza ali pampando. Atagwira shafiti ndi dzanja limodzi, mbali ya difu ndi dzanja lina, n'kupotoza, mfundo yakumbuyo idagwedera n'kulira kuti khwe. M'mbali mwa tizivindikiro take mudali fumbi lofiira ladzimbiri.

“Agogo, pano pali fumbi longa dothi lakatondo!” adafuula.

“Wapeza nthenda,” adatero agogowo. “Girizi adauma kalekale, ndipo timasingano tam'katimo takhala tikuperesana tokhatokha.”

M'kavindikiro kalikonse ka mtandawo muli tizitsulo tating'ono tonga masingano timene timagubuduzika m'girizi. Tikatha, mtanda umasewera, ndipo kugwedera kwake kumayenda mu shafiti mpaka ku giyabokosi n'kukamvekera pa ndodo ya giya. N'chifukwa chake akugalaja aja adanamizira giyabokosi.

Asanamasule mabawuti anayi a mbali iliyonse, adaika zizindikiro za penti kuti shafiti idzabwerere monga momwe idalili, pakuti ikalowa mosemphana imatha kunjenjemeretsa galimoto. Adachotsa timphete totchinga, nakankha tizivindikiro takale ndi vayisi. Poika tatsopano adamata masingano ndi girizi kuti asagwe, chifukwa singano imodzi ikagona pansi pa kavindikiro, kamphete kamakana kulowa, ndipo woumiriza amaswa kavindikiroko. Mfundo yakutsogolo adaisinthanso ngakhale idali isanayambe kulira, popeza idali yamsinkhu umodzi ndi inzakeyo. Ngozi yake ndi yaikulu: mfundo yakutsogolo ikaduka galimoto ikuthamanga, shafiti ikhoza kugwa n'kuzika pamsewu.

Ntchito yonse idawatengera tsiku limodzi, ndipo zipangizo zake zidagulidwa ndi kachigawo kochepa chabe ka ndalama zimene akugalaja ankafuna. Atayesa galimoto pamsewu wotsetsereka uja, kugwedera ndi kugunda kuja kudali kutatheratu. Akadalola kuti giyabokosi isinthidwe, ndalama zikadapita, phokoso likadatsala, ndipo ngozi ikadawadikirabe panjira.

Utsi sufuka popanda moto, koma pamene paoneka utsi si pamene pali nkhuni nthawi zonse. Wokonza makina wanzeru amayamba wafunsa kuti phokoso limamveka liti, amayesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo amayambira pa chotsika mtengo asanafike pa chodula. Sipanala amaigwira pomalizira, atatsimikiza chimene chafa. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.