Ya bokosi ilipo, ya mankhwala palibe

Achimwene anga ali ku Joni, ndipo mwezi uliwonse amaponya ma rand 100 ku gulu la maliro. Salumphitsa. Gululi ndi la anthu a kuno ku Mulanje okhaokha, a ku Limbuli, ku Muloza, ku Chisitu. Mmodzi akatisiya, ndalama imatuluka tsiku lomwelo, mtembo n'kuuyamba ulendo wa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, kudzagona pafupi ndi makolo.

Mu June adayamba kutsokomola. Sabata zitatu akungomwa Panado wa pa kashopu, mawu awo pa WhatsApp akumveka ngati a munthu wokwera phiri.

"Achimwene, bwanji osapita kuchipatala?"

"Iwe, kuno si kwanu. Asanakufunse pomwe pakupweteka, amayamba afunsa pasipoti."

Yawo idatha masiku kalekale. Ine ndi sukulu yangayi ndidawauza kuti gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu wa chithandizo cha chipatala kwa aliyense, osati nzika zokha. Adangonditumizira kanema wa mu 2025, a Operation Dudula ataima pa geti la kiliniki akufunsa ma ID. Ndidasowa chonena.

Ndiye ndidatchula za medical aid. Adaseka mpaka chifuwa chidawagwira. "Ndizilipira matenda amene sindinadwale? Kumeneko ndiye kuwaitana." Atapuma adanena chifukwa chenicheni. Akuti amafuna mapepala abwino ndi akaunti ya kubanki yoti azidulako mwezi ndi mwezi. Iwo amalandirira pamanja, maganyu a m'magadeni ku Randburg, ndipo yotsika mtengo imene adamva ikufanana ndi lendi ya chipinda chawo.

Ndidafuna kuwakalipira, koma inenso khadi la MASM ndidayamba kuligwira ndili ndi zaka 27, nditapeza ntchito ku Blantyre. Mwezi woyamba, nditaona zomwe andidula pa malipiro, mtima udandipweteka ngati andibera. Kwathu tidakula tikudziwa njira ziwiri basi. Cha boma ndi chaulere, bola upeze mankhwala alipo. Cha mishoni umalipira, ndiye mbuzi ipite kumsika. Zikavuta kwambiri, timaimbira ku Joni. Mayi atagonekedwa, ndalama idabwera pa Mukuru dzuwa lisanalowe. Zaka khumi zonsezi inshulansi ya banja lathu anali achimwenewa, ndipo palibe mmodzi wa ife adafunsapo kuti nanga iwowo akadwala amaimbira ndani.

Pali chinanso chomwe chakhala chikundisowetsa tulo. Ife takulira m'malire. Amayi a ku Milange amawoloka pa Muloza mwana ali kumsana, kubwera kuzipatala za mbali ino, ena akafunsidwa mudzi n'kutchula wa kuno. Chilomwe chake ndi chomwechi, ena ndi abale athu enieni. Koma ndikukumbuka ndili pa mzere tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, ndidanena mokweza kuti, "Awa ndi amene akutithera mankhwala." Anthu adaseka. Mayi wina kutsogolo kwanga adangokonza nsalu yake, osatembenuka. Mawu omwewo, m'chinenero china, ndi amene achimwene akuwathawa lero.

Kumapeto kwa July ndidawatumizira ndalama kuti akaonane ndi dokotala wolipira, amene safunsa zambiri. Kanali koyamba ndalama kuchoka kuno kupita uko, ndipo adachita manyazi kulandira. Dokotalayo akukayikira TB. Wawauza kuti akayezetse makhololo kukiliniki ya boma, komwe mankhwala ake ndi aulere, miyezi 6 osadukiza. Ndiye kuti geti lomwe lija, osati kamodzi.

Akuti apita Lolemba, mnzawo wa mapepala abwino awaperekeza. Dzulo ndidawafunsa ngati yokwerera ilipo. Adati yatsala yochepa, poti ya gulu adapereka kale pa 1.