Ngwee Zija Tinkaponya M'kalasi

M'zaka za m'ma 1970, ndikuphunzitsa masamu ku sekondale ku Katete, tsiku lophunzira za mwayi ana ankabwera ndi ngwee m'matumba. Aliyense aponye m'mwamba, awakhe, alembe mbali yomwe yaonekera. Phokoso lake! Uyu ngwee yagubudukira kunsi kwa desiki, uyo akulumbira kuti mnzake wamubera. Mwana mmodzi akaponya ka 10, mbali ina inkaposa inzake kutali. Koma tikasonkhanitsa za kalasi lonse pa bolodi, mbali ziwirizo zinkatsala pang'ono kufanana, ana n'kutong'ola maso.

Mu May 2018 boma lathu linasainirana ndi Rosatom, kampani ya nyukiliya ya ku Russia, kuti ku Chongwe amangeko malo ofufuzira za nyukiliya, okhala ndi ng'anjo ya mamegawati 10. Ng'anjoyo tikuidikirabe, koma achinyamata anapitadi kukaphunzira ku Russia. Mdzukulu wanga wa ku Sinda atabwerako ananditsegulira kompyuta pakhonde.

"Agogo, ntchito yangatu ndi ngwee zanu zija."

Yureniyamu ikasweka, anatero, imatulutsa tinyutironi tiwiri kapena titatu. Kuti moto ukhazikike, kamodzi kokha ndiko kayenera kukaswa inzake. Tikachepa moto uzirala, tikachuluka ukula. M'kati mwa ng'anjo simulowa munthu kukawerenga, ndiye kompyuta imalondola kanyutironi kalikonse, n'kumachita maere: kamezedwa, kanjanja, kapena kathawira kunja? Njirayi amaitcha Monte Carlo. Anaiganiza Stanislaw Ulam mu 1946, akusewera makhadi pochira matenda, ndipo anaikonza ndi John von Neumann ku Los Alamos.

Pomwe ndinasekera m'pamene anadandaula za mtengo wake. Kuti kuphonya kuchepe ndi theka, uyenera kuchulukitsa maere kanayi. Ukafuna kuchepe ka 10, uchulukitse ka 100. Lamulo lomweli ndinkalilemba ndi choko, ana akuyasamula njala.

Komabe maere okha sakwanira, ndipo apa mwanayu anandiposa. Madzi a m'ng'anjo akatentha amapepuka, sachedwetsanso tinyutironi ngati poyamba, motonso umasintha. Choncho masamu a kutentha ndi a tinyutironi ayenera kuyendera limodzi, kenaka yankho alifananize ndi zomwe anayeza pa ng'anjo zenizeni. Ndinamufunsa kuti amaponya kangati.

"Mamiliyoni, agogo, ndipo aphunzitsi amati sanakwanebe."