Buluzi Woyang'ana Dzuwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo ya jakaranda imakuta misewu ya mzinda wa Pretoria ndi maluwa ake, ndipo alendo ambiri amathera tsiku akujambulitsa pa Union Buildings. Ndi ochepa amene amatsika mumsewu wa Paul Kruger kukalowa m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Ditsong, yomwe kale inkatchedwa Transvaal Museum. M'nyumbayi ndi mmene Vivian FitzSimons anagwira ntchito zaka zambiri, ndipo mu 1943 anatulutsa buku lofotokoza abuluzi a dziko lonse la South Africa. Mwa abuluziwo muli mmodzi amene nkhani yake ikukhudza mlimi kuposa wina aliyense.

Kuti munthu amuone kwawo ayenera kutuluka mu Pretoria kulowera kumwera, kudutsa Johannesburg, mpaka kufika kudera lokwera lotchedwa Highveld, kumene mitengo imasowa ndipo udzu umayala mpaka maso kulephera. Buluziyu amapezeka kumpoto kwa chigawo cha Free State ndi kummwera chakumadzulo kwa Mpumalanga. Kwina kulikonse padziko lapansi kulibe.

Pa Chingerezi amamutcha sungazer, kutanthauza woyang'ana dzuwa, chifukwa m'mawa amaima pakhomo pa una wake atanyamula chifuwa ndi miyendo yakutsogolo, mutu uli m'mwamba, ngati nkhalamba yoothera dzuwa pakhonde. Alimi olankhula Chiafrikaans amati ouvolk, anthu akale. Dokotala wina wa ku Scotland, Andrew Smith, ndiye anamulemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1844 ndi dzina loti Cordylus giganteus. Mu 2011 akatswiri atafufuza chibale cha abuluzi a banja la Cordylidae, lomwe limapezeka mu Africa mokha, anamuika m'gulu latsopano ndipo lero ndi Smaug giganteus. Dzina la Smaug analitenga pa chinjoka cha m'nthano ya J.R.R. Tolkien, mlembi amene anabadwira ku Bloemfontein, mu Free State momwemo.

Kumuzindikira sikuvuta. Ndiye wamkulu pa abale ake onse, ndipo kutalika kwake kumayandikira masentimita 40. Kumsana ndi woderako, kumimba ndi m'mbali ndi wachikasu. Kumbuyo kwa mutu kuli minga zinayi zazikulu, ndipo mchira wonse wazunguliridwa ndi mizere ya minga zakuthwa. Wina wozolowera gulo wa pamtengo kumudzi akhoza kuganiza kuti ndi gulo wovala zida zankhondo. Mdani akafika, buluziyu amathawira kuuna mutu patsogolo, nakanikiza minga za kumutu kudenga la unawo, kwinaku akukwapula ndi mchira pakhomo. Kumukoka n'kosatheka popanda kumuvulaza.

Abale ake ambiri amabisala m'ming'alu ya miyala. Mmodzi wa iwo, Cordylus nyikae, ali kwathu kuno pa Nyika, ndipo analembedwa m'chaka cha 2000. Koma wa ku Highveld yu anasankha nthaka. Amadzikumbira yekha una m'dothi la pakati pa udzu wachilengedwe, amagonamo nyengo yonse yozizira, ndipo akhoza kukhala mu una womwewo zaka zambiri. Apa ndi pamene pagona vuto. Nthaka imene iye amakonda, yosalala ndi yakuya, ndi yomweyo imene mlimi wa chimanga ndi mpendadzuwa amaifuna. Thirakitala ikaswa mphanje, mauna onse amakwiririka tsiku limodzi. Chowawa kwambiri n'chakuti mundawo ukagonekedwa n'kusanduka tsala, udzu umamera ndithu, koma buluzi sabwereramo. Migodi ya malasha ndi ya golide, misewu ndi madamu zatenganso gawo lawo.

Akanakhala wobereka ngati mbewa, bwenzi nkhawa ili yochepa. Koma wamkazi saikira mazira. Amabala mwana mmodzi kapena awiri amoyo, ndipo sabala chaka chilichonse. Pamwamba pa izi pali anthu omukumba. Ena amakagulitsa kwa asing'anga m'misika ya mankhwala, ena amamuzembetsera ku Ulaya, ku America ndi ku Asia kwa okonda kuweta nyama zachilendo. Popeza buluziyu saswana chisawawa akatsekeredwa, wogulitsa akanena kuti ake anabadwira m'khola, pali chifukwa chomukayikira. Lamulo la South Africa limaletsa kumugwira kapena kumusunga popanda chilolezo, ndipo bungwe la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Bungwe la boma loona za zamoyo zachilengedwe, SANBI, lili ndi likulu lake ku Pretoria, koma mauna ambiri sali m'nkhalango zotetezedwa. Ali m'mafamu a anthu.

N'chifukwa chake ogwira ntchito yoteteza buluziyu amathera nthawi yambiri akucheza ndi eni minda. Pempho lawo ndi losavuta kulimva ngakhale kuti ndi lolemera pathumba: malo amene khasu silinadutsepo asiyidwe akhale busa. Ng'ombe ndi nkhosa zikamadya udzu mosapyola muyeso sizimusokoneza. Pa famu yotere, dzuwa la Okutobala likangotentha pang'ono, mbusa amaona timitu taminga tikutuluka m'nthaka patalipatali, ndipo akayandikira timalowa kamodzin'kamodzi.